Krzysztof Komeda, Dokotala Amene Anasiya Chipatala Nakaimbira Kanema wa ku Poland

Pa 23 Epulo chaka cha 1969, mu mzinda wa Warsaw, likulu la dziko la Poland, munamwalira munthu amene anali atagona chikomokere kwa miyezi ingapo. Panali patatsala masiku anayi okha kuti akwanitse zaka 38. M'mabuku a boma dzina lake linali Krzysztof Trzciński, dokotala wa nthenda za makutu, mphuno ndi mmero. Koma dziko limamdziwa ndi dzina lina, la Komeda, limene iye anadzipatsa yekha pofuna kuti anzake a kuchipatala asazindikire kuti mnyamata amene ankapima odwala m'mawa ndi yemweyo ankaimba piyano usiku m'gulu la nyimbo za jazi, nyimbo zimene boma la masiku amenewo linkaziyesa chonyansa chochokera kwa adani.

M'zaka 11 zokha, kuyambira 1958 kufikira 1968, munthu ameneyu anapeka nyimbo za mafilimu opitirira 60, aafupi ndi aatali. Kuchuluka kwake si ndiko kwatichititsa kulemba mbiri yake pano, pakuti alipo ena amene anapeka zochuluka koposa iye. Chimene tifuna kuti awerengi athu achione ndi ichi: m'dziko limene mawu onse a m'filimu ankayamba apimidwa ndi akalaliki a boma asanafike kwa anthu, Komeda anapeza njira yonenera ndi zoimbira zinayi kapena zisanu zimene ochita sewero sakanaloledwa kuzinena ndi pakamwa.

Iye anabadwa pa 27 Epulo 1931 mu mzinda wa Poznań, kumadzulo kwa Poland. Bambo wake anali wantchito wa kubanki, ndipo banjalo linkasamukasamuka monga momwe mabanja a antchito otere amachitira. Ali mwana anadwala poliyo. Anayamba kuphunzira piyano ali ndi zaka 7, ndipo pofika zaka 8 anamlandira pa sukulu ya zoimbaimba ya mumzindamo. Koma chaka chimenecho chinali cha 1939, ndipo mwezi wa Seputembala asilikali a ku Germany analowa m'Poland. Zaka za nkhondo anakhala ku Częstochowa. Nkhondo itatha anatsiriza sekondale ku Ostrów Wielkopolski mu 1950, nabwerera ku Poznań kukaphunzira udokotala, umene anaumaliza mu 1956.

Nyimbo za m'mapanga

Tsono kuti timvetse chifukwa chimene wophunzira udokotala anabisira dzina lake, tiyenera kudziwa mmene zinthu zinalili m'dziko lake. Nkhondo itatha, Poland inagwa m'manja mwa chipani cha Chikomyunizimu chomvera Stalin wa ku Soviet Union. M'chaka cha 1949 chipanicho chinaitana opeka nyimbo ku msonkhano wa ku Łagów, ndi okonza mafilimu ku msonkhano wina wa ku Wisła, ndipo onsewo anauzidwa chinthu chimodzi: luso lililonse lizitamanda wantchito wa m'fakitale, mlimi ndi chipani, ndipo lizikhala lomveka kwa aliyense popanda kusinkhasinkha. Chaka chomwecho boma linatseka bungwe la YMCA, limene m'nyumba zake achinyamata ankasonkhana kumvera ndi kuimba jazi. Nyimbozi zinachotsedwa pa wailesi ya boma ndi m'nyumba zochitira zisangalalo.

Jazi inabadwira pakati pa anthu akuda a ku America, makamaka mu mzinda wa New Orleans, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Munthu angayembekezere kuti boma lodzitcha la anthu oponderezedwa likanailandira ndi manja awiri nyimbo ya zidzukulu za akapolo. Koma akuluakulu a chipani anangoona kuti yachokera ku America, ndipo tikhulupirira kuti chinaliponso china chimene chinkawasautsa. M'jazi oimba amayamba ndi kanyimbo kamene onse akukadziwa, kenaka mmodzimmodzi amakatenga nakapotoza monga mtima wake wamuuzira nthawi yomweyo, anzake akumgwirira kugunda kwa nyimboyo, kufikira onse akumananso pamapeto. Nyimbo yotere sungathe kuipima isanaimbidwe, chifukwa ngakhale woimbayo sadziwa chimene adzaimba. Kwa boma lofuna kuona pepala lililonse lisanatuluke, chimenechi chinali chovuta kuchipirira.

Motero achinyamata anayamba kuimbira m'nyumba za anthu, zitseko zili chitsekere. Anthu a ku Poland amaitcha nyengo imeneyi nyengo ya m'mapanga, pokumbukira mapanga a manda a ku Rome amene amasimbidwa m'mbiri ya Akhristu oyamba. Komeda ankakwera sitima kuchoka ku Poznań kupita ku Kraków ndi kwina kukaimba ndi anzake m'zipinda zopanikiza, ndipo anaimbako ndi gulu lotchuka la nthawiyo lotchedwa Melomani, la mu mzinda wa Łódź.

Apa pali mfundo imene olemba ambiri amaidumpha, koma ndiyo muzu wa nkhani yonse. Ku Łódź komweko ndiko kunali sukulu ya boma yophunzitsa ntchito ya kanema, imene inatsegulidwa mu 1948. Mtsogoleri wa Melomani, Jerzy Matuszkiewicz, anali wophunzira pa sukuluyo. Woimba ng'oma wa gululo, Witold Sobociński, anadzakhala mmodzi mwa ojambula mafilimu omveka a dzikolo, nagwira ntchito ndi Andrzej Wajda. Ndiko kunena kuti jazi ndi kanema watsopano wa ku Poland zinakulira m'zipinda zimodzimodzi, pakati pa anyamata odyera mbale imodzi. Pamene anyamatawo anapatsidwa mpata wokonza mafilimu awoawo, sanafunikire kukafunsa kutali za nyimbo zoti aikemo.

Stalin anamwalira mu 1953, ndipo chingwe chinayamba kumasuka pang'onopang'ono. Kuyambira 1955 wailesi ya Voice of America inkaulutsa pologalamu ya jazi ya Willis Conover, imene achinyamata a kum'mawa kwa Ulaya ankaimvera usiku. Chaka cha 1956 ndicho chinasintha zambiri. Mu Juni antchito a m'mafakitale a ku Poznań, kwawo kwa Komeda, anaukira boma, ndipo asilikali anapha anthu ambiri. Mu Okutobala Władysław Gomułka anatenga utsogoleri wa chipani nalonjeza kufewetsa ulamuliro. Pakati pa zochitika ziwirizi, mwezi wa Ogasiti, m'tauni ya Sopot m'mbali mwa nyanja ya Baltic munachitika chikondwerero choyamba cha jazi chololedwa ndi boma, ndipo mmodzi mwa ochikonza anali mlembi Leopold Tyrmand. Kumeneko kunaonekera gulu la anthu 6 lotsogozedwa ndi dokotala watsopanoyo, m'menemo muli Jan Ptaszyn Wróblewski ndi Jerzy Milian. Magulu ena ankaimba jazi yakale yaphokoso ya ku New Orleans. Gulu la Komeda linaimba jazi yatsopano, yofatsa ndi yoganiza, yotsata njira ya Modern Jazz Quartet ndi Gerry Mulligan, ndipo kuyambira sabata imeneyo dzina lobisalira lija linadziwika m'dziko lonse.

Sipanapite nthawi yaitali, iye anasiya chipatala. Inu amene muli pa ntchito ya boma mudziwa kulemera kwake kwa chinthu chotere: kutaya malipiro a mwezi ndi mwezi, ulemu wa udokotala ndi penshoni, chifukwa cha nyimbo imene inali italoledwa dzulodzulo ndipo ikanatha kuletsedwanso mawa. Amene anamlimbitsa mtima ndi kumyendetsera zonse za ndalama, maulendo ndi mapangano anali Zofia, amene anadzakhala mkazi wake. Komeda mwini anali munthu wamanyazi ndi wosalankhulalankhula.

Kabati ya m'nyanja ndi mpeni wa m'madzi

Mu 1958 wophunzira wina wa ku Łódź, Roman Polanski, anakonza filimu yaifupi ya mphindi ngati 15 yotchedwa Dwaj ludzie z szafą, ndiko kuti Anthu Awiri ndi Kabati, napempha Komeda kuti aipekere nyimbo. M'filimuyi mulibe mawu olankhula ngakhale amodzi. Amuna awiri avuuka m'nyanja atanyamula kabati yaikulu ya zovala, alowa nayo m'tauni, ndipo paliponse pamene afika awapirikitsa: m'galimoto ya anthu onse, m'nyumba yodyera, m'hotela. Anyamata achipongwe awamenya. Pozungulira pawo anthu akuba ndi kuphana, koma palibe wowaletsa. Olakwa ndi awiri okhawo chifukwa cha katundu wawo wachilendo. Pamapeto abwerera m'nyanja ndi kabati yawo. Popeza mulibe mawu, ntchito yonse youza woonera mmene ayenera kumvera mumtima inagwera nyimbo. Komeda sanaike nyimbo yolira kapena yoopseza. Anaika kanyimbo kofewa, kokoma, koyenda mopepuka, kotero kuti nkhanza za m'taunimo zimaoneka zoipa koposa chifukwa khutu likumva chifundo pamene diso likuona chipongwe. Filimuyo inalandira mendulo ya mkuwa pa mpikisano wa ku Brussels chaka chomwecho.

Tisaiwale kunena kuti Komeda sanali yekha pa njira imeneyi. Ku France, Miles Davis anali ataimbira kale filimu ya Louis Malle kumapeto kwa 1957. Ku Poland komweko Andrzej Trzaskowski anakonza nyimbo za filimu ya Jerzy Kawalerowicz yotchedwa Pociąg, kapena kuti Sitima, ya mu 1959, mmene mawu a mayi woimba Wanda Warska amayenda ndi sitima ya usiku popanda kutchula liwu lomveka. Koma Komeda anaisandutsa ntchito ya moyo wake.

Mu 1960 anapeka nyimbo za mafilimu awiri onena za achinyamata: Do widzenia, do jutra ya Janusz Morgenstern, ndi Niewinni czarodzieje ya Andrzej Wajda, dzina limene tingalimasulire kuti Amatsenga Osalakwa. Yachiwiriyi ndi yodabwitsa pa mbiri yathu, pakuti mwini nkhani wake ndi dokotala wachinyamata amene masana amapima ankhonya ndipo usiku amaimba ng'oma m'gulu la jazi. Aliyense wa ku Warsaw anadziwa kumene chithunzi chimenechi chinatengedwa, ndipo Komeda mwini amaoneka m'filimumo pamodzi ndi oimba anzake. Wajda anali atatchuka ndi mafilimu a nkhondo ndi imfa za ngwazi. Apa anaonetsa achinyamata osalabadira za chipani kapena za mbiri ya dziko, ongofuna zovala zabwino, njinga yamoto ndi mbale za galamafoni, ochita manyazi kuulula kuti akondana. Akuluakulu a chipani sanakondwere nayo.

Ntchito imene dzina la Komeda lidzakhalira nthawi yaitali ndi Nóż w wodzie, Mpeni m'Madzi, filimu yaitali yoyamba ya Polanski, imene inajambulidwa pa nyanja za ku Masuria mu 1961 nionetsedwa mu 1962. Komiti ya boma yopima nkhani za mafilimu inayamba yaikana, ndipo inadzailola pambuyo pake atakonzamo zina. Anthu a m'nkhaniyi ndi atatu okha. Mwamuna wina wolemba nkhani za masewera, wopeza bwino, ali pa ulendo ndi mkazi wake pa galimoto kupita kunyanja kumene ali ndi bwato lawo la thanga. Panjira atola mnyamata wopempha matola, amene chuma chake chonse ndi kathumba ndi mpeni. Mwamunayo amuitanira m'bwato, osati chifukwa cha chifundo, koma kuti amuonetse mkazi wake kuti wamkulu ndani. Usana ndi usiku wathunthu awiriwo alimbana ndi mawu, ndi zingwe za thanga, ndi timasewera topanda pake, kufikira mpeni ugwera m'madzi ndipo mnyamatayo, amene ananena kuti sadziwa kusambira, agweramonso. Mwamunayo asambira kupita kumtunda akuyesa kuti wapha munthu. Mnyamatayo anangobisala, abwerera m'bwato nagona ndi mkaziyo. Pothera pake galimoto yaima pa mphambano, njira ina yopita kupolisi, ina yopita kunyumba, ndipo filimu itha isanasunthe.

Wokonza filimu wina akanaitana gulu lalikulu la zoimbira makumi asanu kuti lizigunda pamene mpeni watuluka. Komeda anatenga zinayi: piyano yake, besi, ng'oma, ndi sakisofoni, chitoliro chachitsulo chopindika chimene mawu ake amafanana ndi a munthu. Woimba chitolirocho anali mnyamata wa ku Sweden, Bernt Rosengren, amene Komeda anampekera nyimbo yotchedwa Ballad for Bernt. Chimene munthu amachizindikira akaonera filimuyi kachiwiri ndi kuchepa kwa nyimbozo. Pamene amuna awiriwo akukangana, kawirikawiri kumamveka mphepo, madzi ndi kulira kwa zingwe basi. Chitoliro chimalowa pamene pakamwa patsekedwa, bwato likuyenda pa madzi otambalala, ndipo chimaimba za kusungulumwa ndi chilakolako zimene atatuwo akuzibisa. Ife tiyesa kuti chitolirocho ndicho mawu a mkaziyo, amene m'nkhani yonse alankhula pang'ono koma aona zonse.

Taonani tsono chimene chinachitika. Kalaliki wa boma akanatha kufafaniza chiganizo chonena kuti m'dziko la anthu ofanana muli ena a galimoto ndi bwato ndi ena a kathumba, kapena kuti mnyamata wosaukayo sakufuna kugwetsa wolemerayo koma kukhala monga iye. Koma sakanatha kulemba m'lipoti lake kuti sakisofoni yanena zakutizakuti. Komabe akuluakulu anamva fungo lake. Gomułka mwini anaidzudzula filimuyo poyera mu 1963. Kunja kwa dziko inalandira mphotho ya olemba za kanema ku Venice mu 1962, chithunzi chake chinaikidwa pachikuto cha magazini ya Time mu 1963, ndipo inakhala filimu yoyamba ya ku Poland kulowa m'gulu lopikisana pa mphotho ya Oscar ya mafilimu a zinenero zina, ngakhale inagonja kwa filimu ya Federico Fellini. Polanski anachoka m'dzikomo nakagwira ntchito ku France ndi ku England.

Komeda anatsala, koma ankayendayenda. Boma lomwe lija linali litazindikira kuti oimba jazi akulipatsa dzina labwino kunja, motero linkawapatsa ziphaso za ulendo. Anaimba ku Stockholm ndi ku Copenhagen, kumene anapalana ubwenzi ndi wokonza mafilimu wa ku Denmark, Henning Carlsen. Anampekera nyimbo za mafilimu anayi, ndipo yomveka koposa ndi Sult, kapena kuti Njala, ya mu 1966, yochokera m'buku la Knut Hamsun. Kwawo anapeka nyimbo ya filimu ya Prawo i pięść ya mu 1964, imene mawu ake analemba ndi Agnieszka Osiecka naiimba Edmund Fetting. Anthu a ku Poland amaiimbabe ngakhale amene filimuyo sanaione.

Pa zala zake Komeda sanali katswiri wothamanga pa piyano, ndipo m'dziko lake momwemo analipo omposa pa luso limenelo. Mphamvu yake inali pa kupeka ndi pa kusankha anthu. Ankabweretsa kanyimbo kafupi, nthawi zina ka mizere iwiri yokha pa pepala, kobwerezabwereza ngati pemphero, nasiyira oimba ake malo aakulu oti adzaze okha. Mu Disembala 1965 analowa m'nyumba ya zoimbaimba ya Warsaw ndi anyamata anayi: Tomasz Stańko wa lipenga, Zbigniew Namysłowski wa sakisofoni, Günter Lenz wa ku Germany pa besi, ndi Rune Carlsson wa ku Sweden pa ng'oma. Anajambula mbale yotchedwa Astigmatic, dzina lotengedwa ku chilema cha maso osaona zinthu molunjika. Udokotala uja sunamchoke konse. M'mbalemo muli nyimbo zitatu zokha, ndipo imodzi, Kattorna, inachokera m'filimu ya Carlsen. Akatswiri ambiri a jazi amaiwerengera mbaleyi pakati pa zoyamba kuonetsa kuti oimba a ku Ulaya angathe kuimba jazi ndi mawu akwawo, osangotsanzira a ku America. Ndipo anaitulutsa ndani? Kampani ya boma ya Polskie Nagrania, mu 1966, monga nambala 5 pa mndandanda wotchedwa Polish Jazz. Nyimbo imene mu 1950 inkaimbidwa mobisa tsopano inali ndi dzina la dziko pachikuto pake.

Pali wina amene sitiyenera kumsiya, Jerzy Skolimowski, mlembi wa ndakatulo ndi wankhonya, amene anathandiza kulemba nkhani za Niewinni czarodzieje ndi Nóż w wodzie asanayambe kukonza mafilimu akeake. Komeda anamuimbira Bariera mu 1966, ndi Le Départ imene inajambulidwa ku Belgium nilandira mphotho yaikulu ya ku Berlin mu 1967. M'filimu imeneyi munaimba Don Cherry ndi Gato Barbieri. Yachitatu, Ręce do góry, ndiko kuti Manja M'mwamba, inaonetsa malire a ufulu uja. Munali chithunzi chachikulu cha Stalin chimene ophunzira anachimata molakwika nichikhala ndi maso anayi. Boma linaitsekera filimuyo mu 1967, ndipo sinaonetsedwe kufikira 1981. Apa nyimbo sinathe kupulumutsa kanthu, chifukwa diso la kalaliki linaona lokha chimene linkafuna.

Ulendo wa ku Los Angeles

Polanski sanamuiwale mnzake. Anamuitana pa Cul-de-sac ya mu 1966 ndi pa filimu yoseketsa ya mizukwa yoyamwa magazi ya mu 1967, ndipo atapatsidwa ntchito ku Hollywood anamuitananso. Komeda anakhala ku Los Angeles chaka cha 1968 napeka nyimbo za Rosemary's Baby. Nkhani yake ndi ya mayi wachitsikana wa ku New York amene ali ndi pakati, nayamba kukayika kuti anansi ake okalamba, okoma m'maso ndi okonda kumpatsa zakumwa zamankhwala, ndi afiti ofuna mwana wakeyo, ndiponso kuti mwamuna wake wagwirizana nawo. Pa nkhani yoopsa chotere Komeda anachita zomwe anachita zaka khumi m'mbuyomo ndi anthu a kabati aja. Anapeka nyimbo yogonekera mwana, yopanda mawu, imene Mia Farrow, wochita sewero la mayiyo, anaiimba yekha ndi liwu lake losaphunzira kuimba. Nyimbo imene mayi aliyense angaimbire khanda lake ndiyo imatsegula filimuyo ndi kuitseka, ndipo pomaliza woonera amaimva ndi mantha chifukwa wadziwa chimene chagona m'kabedi ka mwanayo. Nyimbozi zinalowa m'gulu lopikisana pa mphotho ya Golden Globe, ndipo Komeda anapatsidwa ntchito ina, ya filimu yotchedwa Riot.

Pamene iye anali ku America, kwawo zinthu zinkaipa. Mu Malichi 1968 apolisi anamenya ophunzira a m'mayunivesite, ndipo chipani chinayamba kusaka anthu a mtundu wa Chiyuda, kotero kuti zikwi zambiri anachoka m'dzikomo. Akuluakulu ena a kanema anachotsedwa ntchito, ndipo kagulu ka Kamera, kotsogozedwa ndi Jerzy Bossak, kamene kanakonza Nóż w wodzie, kanathetsedwa. Nyengo imene inayamba ku Sopot mu 1956 inali kutha.

Kumapeto kwa 1968, usiku wina atamwa, Komeda anali kuyenda ndi mnzake Marek Hłasko, mlembi wa ku Poland amene anali atakhala kunja kwa dziko lake zaka khumi. Komeda anagwa pa malo otsetsereka navulala m'mutu. Poyamba chinaoneka ngati chilonda wamba, koma magazi anali kuundana m'kati mwa chigaza. Patapita masabata anadwala kwambiri, madokotala a ku Los Angeles anamchita opaleshoni, koma sanatsitsimuke. Zofia anamtenga pa ndege kubwerera naye ku Warsaw, kumene anamwalira patangopita masiku ochepa, naikidwa m'manda a Powązki. Hłasko sanakhalitse: anamwalira pa 14 Juni chaka chomwecho ku Wiesbaden, m'dziko la Germany, atamwa mankhwala ogonetsa pamodzi ndi mowa, ali ndi zaka 35.

Zofia anakhala zaka zina 40 akusunga ndi kufalitsa ntchito za mwamuna wake, namwalira mu 2009. Ku Ostrów Wielkopolski nyumba ya kanema inatchedwa dzina la Komeda, ndipo ku Słupsk kunayambika chikondwerero cha jazi chomkumbukira mu 1995. Tomasz Stańko, amene anali ndi zaka 23 pojambula Astigmatic, anadzakhala woimba lipenga womveka pa dziko lonse kufikira imfa yake mu 2018. Mu 1997 anasonkhanitsa oimba a ku Sweden ndi ku Norway mu mzinda wa Oslo najambula mbale yotchedwa Litania, ya nyimbo za Komeda zokhazokha, pansi pa kampani ya ECM ya ku Germany. Pakati pa oimbawo panali Bernt Rosengren, tsopano ali ndi zaka pafupifupi 60, ndipo pakati pa nyimbozo panali Ballad for Bernt, imene anaiimba koyamba ali mnyamata chifukwa cha bwato la pa nyanja za ku Masuria.